Phuma ndi mwano: anyamata a ku Kadoma ndi Chegutu pakati pa dokotala ndi woweruza

Mumzinda wa Kadoma muli malo a boma otchedwa Kadoma Training Institute. Kumeneko kumatumizidwa anyamata amene khoti lawapeza olakwa koma msinkhu wawo sunafike wokagona kundende ya akuluakulu. Malo otere ndi ochepa m'Zimbabwe. Ena ndi Northcot kufupi ndi Harare, Blue Hills ku Gweru ndi Percy Ibbotson ku Bulawayo. Mnyamata wolowa pamalo ngati amenewa amabwera ndi mapepala onena chimene anachita: anaba, anathyola nyumba, anavulaza mnzake. Mapepala a khoti amayambira pa tsiku la mlandu. Ine ndikufuna kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuzaka zimene mnyamatayo anali ndi zaka 7 kapena 8, asanabe kanthu, pamene dandaulo la aphunzitsi linali loti sakhala pansi, samaliza ntchito, ndipo amayankha funso lisanathe.

Chinyanja chimene makolo athu anabwera nacho m'makomboni a migodi kuchokera ku Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Tete chimasiyanitsa ana awiri. Pali mwana wa phuma: wojijirika, wopulukira, womutuma mchere n'kubwera ndi machesi, wolumpha mpanda asanaone kuti kuseri kuli galu. Ndiye pali mwana wamwano: nkhutukumve, wonama dala, wakuba, wozunza ang'onoang'ono ndi ziweto. Akuluakulu ankadziwa kuti awiriwa si amodzi, komabe ankadziwanso kuti nthawi zina woyambayo amakula n'kusanduka wachiwiriyo. Madokotala lero vuto loyambalo amalitcha ADHD, lachiwirilo conduct disorder, ndipo pakati pa awiriwa amaikapo lina, la mwana wamakani ndi wopsa mtima msanga amene amatsutsa akulu koma sanayambe kuba kapena kumenya, lotchedwa ODD. Zinawatengera madokotalawo zaka pafupifupi 80 kuti alekanitse zimene agogo athu ankalekanitsa ndi mawu awiri. Mbiri ya kulekanitsako ndi mbiri ya matauni athu awiriwa zinayenda nthawi imodzi, koma sizinakumane kawirikawiri.

Mu 1902 njanji ya pakati pa Salisbury ndi Bulawayo inamalizidwa, ndipo inadutsa pa Hartley ndi Gatooma, mayina amene anasinthidwa mu 1982 kukhala Chegutu ndi Kadoma. Chaka chomwecho ku London dokotala wa ana, George Still, anakamba nkhani zitatu pamaso pa madokotala anzake a ku Royal College of Physicians. Anafotokoza za ana anzeru zawo bwinobwino amene ankalephera kudziletsa, ndipo anyamata anali ochuluka kuposa atsikana. Still anaika zonse m'dengu limodzi: kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, bodza, kuba, nkhanza, kupsa mtima. Zonsezo anazitcha chilema cha kudziletsa pa makhalidwe. Koma anaona chinthu chimodzi chimene mpaka lero ambiri sitinachimvetse: ena mwa anawa chilango sichinkawasintha. Amenyedwa lero, mawa abwereza zomwezo.

Pamene Still ankalankhula, migodi ya golide ya m'chigawo cha Hartley inali ndi njala ya anthu. Mu 1903 panakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu ankalitcha chibalo, ndipo Charles van Onselen analemba mbiri yake m'buku la mu 1976 lotchedwa Chibaro. Amuna a ku Nyasaland ankatsika wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka kufika ku Cam and Motor ku Eiffel Flats, ku Dalny ku Chakari, ku Giant ku Gadzema. Pambuyo pake kunabwera magalimoto a Ulere, kenako Mthandizi. Paulendowo pankakhala anyamata aang'ono onyamula mphika ndi bulangete la mkulu wawo, ndipo akafika ankalembedwa ntchito zosankha miyala, zoweta ng'ombe, zam'khitchini mwa azungu. Mu 1926 boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa lamulo la Native Juveniles Employment Act. Lamuloli linapatsa bwanamkubwa woyang'anira anthu akuda mphamvu yolowetsa pantchito mwana wopezeka akungoyendayenda wopanda womuyang'anira, ndiponso yolamula kuti mnyamata wosamvera akwapulidwe popanda mlandu kupita kukhoti. Kusiya ntchito usanamalize pangano unali kale mlandu. Taganizani tsono za mnyamata wa phuma pansi pa malamulo otere. Kuiwala chimene watumidwa kunkawerengedwa ngati kusamvera, kutopa ndi ntchito yobwerezabwereza ngati ulesi, kunyamuka osatsanzika ngati kuthawa. Chimene dokotala wa ku London ankachiyesa matenda, kuno chinali ndi chikoti chake cholembedwa m'lamulo.

Ku Ulaya ndi ku America nkhaniyi inapita patsogolo. Mliri wa matenda otupitsa ubongo umene unabuka kuyambira cha mu 1917 unasiya ana ena amene kale anali ofatsa ali ojijirika ndi aukali, ndipo madokotala anayamba kukhulupirira kuti khalidwe lotere likhoza kuchokera mu ubongo. Mu 1937, ku Rhode Island, Charles Bradley anapatsa ana 30 mankhwala otchedwa Benzedrine, ndipo anadabwa kuona kuti pafupifupi theka la iwo anayamba kuchita bwino kwambiri m'kalasi, ambiri n'kudekha, ngakhale mankhwalawo ndi odzutsa thupi. Methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin, anapangidwa mu 1944.

Nanga bwanji nzeru zimenezi sizinafike ku Gatooma? Umphawi wa zipatala ndi chifukwa chimodzi. Chipatala cha amisala cha Ingutsheni ku Bulawayo, chotsegulidwa mu 1908, ndi cha ku Zomba, cha mu 1910, zinali malo otsekeramo akuluakulu osokoneza mtendere, ndipo za ana sizinali kuganiziridwa. Koma pali chifukwa china chimene chimandiwawa kwambiri. Dokotala wa boma la atsamunda ku Kenya, J. C. Carothers, analemba mu 1951 kuti munthu wakuda amafanana ndi mzungu amene wadulidwa mitsempha ya mbali ya kutsogolo ya ubongo, ndipo mu 1953 bungwe la WHO linasindikiza buku lake la The African Mind in Health and Disease. Kwa iye, kuchita zinthu mosaganiza za mawa ndi kulephera kuika mtima nthawi yaitali pa chinthu chimodzi chinali chibadwa cha Mwafirika aliyense. Mtundu wonse ukaweruzidwa kuti ndi wa phuma, mwana mmodzi amene phuma lake ndi lopitirira la anzake sangaonekenso. Wabisika m'bodza lonena za ife tonse. Chodabwitsa n'choti mbali yomweyo ya kutsogolo kwa ubongo, imene imagwira ntchito ya mabuleki, ndi imene ofufuza a masiku ano amailoza akamafotokoza ADHD mwa ana a mitundu yonse.

Choncho mnyamata wakuda ankalowa m'mabuku a boma kudzera pakhomo limodzi lokha, la woweruza. M'zaka za m'ma 1940 m'busa wa Methodist, Percy Ibbotson, amene ankatsogolera mabungwe oona za umoyo wa anthu akuda m'matauni, anafufuza za ana opalamula milandu, ndipo kuchokera m'nyengo imeneyo munabadwa nyumba zosungiramo ana otere ndi maofesala owayang'anira. Zinali bwino kusiyana ndi kugoneka mwana pamodzi ndi zigawenga zokhwima. Komabe funso linali lija lomwe: wachita chiyani, ndipo timuwongola bwanji?

Ifenso tinali ndi njira zathu, ndipo ulendo wa kuchoka kwathu unazipinda. Kwa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi. Womulanga mwamphamvu, womuyankhira mlandu, ndi malume ake. Koma mchona wa ku Dalny kapena ku Patchway kawirikawiri ankakwatira mkazi wa Chishona, kumene mwana ndi wa kuchimuna, kapena ankabweretsa mkazi wa kwawo n'kusiya alongo a mkaziyo kutali, kuseri kwa Zambezi. Mwana wa pakomboni ankakula wopanda mwinimbumba. Mpata umenewo unatsekedwa ndi dambwe, jando, tchalitchi ndi mzikiti. Gule wamkulu, amene anzathu Achishona amamutcha zvigure, anazika mizu m'migodi ndi m'mafamu onse a chigawochi, ndipo makolo ambiri ankati mwana akayamba mwano, nthawi yakwana yoti akamve mwambo. Sindidzanena za kudambwe, poti si za pabwalo. Ndinganene zimene aliyense ankaona: anyamata ena ankabwerako ataphunzira ulemu, ndipo mphamvu zimene zinkawavutitsa m'kalasi zinkapeza ntchito pa ng'oma ndi pa bwalo. Koma mwambo unapangidwa kuti uthetse mwano. Mnyamata woiwalaiwala ankabwerako akuiwalabe.

Ndinakulira pakomboni ya mgodi wina m'chigawo chomwechi, ndipo m'nyumba mwathu munali msuweni wanga wamng'ono kwa ine. Anali wanzeru pa zamanja; wailesi ikafa ankaitsegula ali ndi zaka 9. Koma kukhala pa desiki mphindi 10 kunali ngati kumukhazika pa makala. Kusukulu ankakwapulidwa pafupifupi tsiku lililonse. Tsiku lina agogo anavala chitenje chawo chabwino n'kupita okha kukaonana ndi mphunzitsi wake. Ndinawaperekeza kuti ndiziwamasulira Chishona. Anati, "Aphunzitsi, pepani, ine sindinapite kusukulu. Koma mwanayu mukamumenya m'mawa, pofika masana waiwala kale chimene mwamumenyera. Chimene akukumbukira ndi choti munamumenya." Mphunzitsiyo anaseka, nati ana onse a m'komboni ndi otero. Pofika Giredi 5 msuweni wanga anali ataphunzira kunama kuti apewe ndodo, kenako kujomba, kenako kuyenda ndi anyamata akuluakulu amene ankajombanso. Apolisi anamugwira koyamba ali ndi zaka 15. Palibe dokotala amene anamuyeza, ndipo ine sindingamupatse dzina la matenda lero. Ndikungonena dongosolo la mmene zinthu zinatsatirana, chifukwa ndi dongosolo lomwelo limene ofufuza analipeza kutali kwambiri ndi kwathu.

Woyamba anali Lee Robins wa ku St Louis ku America. Iye analondola anthu 524 amene anaonedwa pachipatala cha ana ovuta m'zaka za m'ma 1920, nawapeza patapita zaka pafupifupi 30, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1966. Mfundo imene inakhazikika kuchokera m'ntchito yake ili ndi mbali ziwiri: munthu wamkulu wa khalidwe losweratu malamulo pafupifupi nthawi zonse anayamba ali mwana, koma ana ambiri ovuta sakula n'kukhala otero. Mu 1968, chaka chimene mgodi wa Cam and Motor unatsekedwa, buku la madokotala a maganizo a ku America lotchedwa DSM linaika kujijirika kwa ana pamzere wakewake, kusiyana ndi ukali, kuthawa pakhomo ndi kuba m'magulu. Mu 1980, chaka cha ufulu wa Zimbabwe, buku lomwelo linaika patsogolo vuto la kulephera kuika maganizo pamodzi, ndipo dzina loti ADHD linabwera mu 1987. Angerezi sanavomere msanga. Kwa zaka zambiri mwana yemweyo amene ku America akanatchedwa wojijirika n'kupatsidwa mankhwala, ku Britain ankatchedwa wa khalidwe loipa n'kutumizidwa kwa alangizi. Buku la WHO la ICD-10 linachita kupanga mzere wapadera wa ana amene ali ndi mavuto onse awiri. Mkanganowo unali ndi phindu, chifukwa unakakamiza anthu kufunsa kuti chimayamba n'chiti.

Yankho labwino linachokera ku Dunedin ku New Zealand, kumene ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 akhala akulondoledwa moyo wawo wonse. Mu 1990 Terrie Moffitt anayerekeza anyamata a m'gululi kuyambira zaka 3 mpaka 15. Anapeza kuti anyamata a ADHD amene anali ndi pakhomo pabwino ndiponso luso la mawu ndi kuwerenga sanalowe m'milandu kuposa anzawo. Amene anali ndi ADHD pamodzi ndi mavuto a pakhomo ndi kulephera kuwerenga ndiwo anayamba ukali adakali aang'ono kwambiri, ndipo unakula pamene anayamba sukulu. Mu 1993 Moffitt anagawa anyamata opalamula m'magulu awiri. Gulu lalikulu ndi la amene amayamba zopusa atatha msinkhu, chifukwa cha anzawo ndi kufuna kuoneka akulu, n'kuzisiya akapeza ntchito kapena banja. Gulu laling'ono ndi la amene amayamba ali ana n'kupitiriza mpaka kukula, ndipo m'gulu limeneli ndi mmene ADHD imapezeka kwambiri. N'chifukwa chake madokotala lero amafunsa ngati khalidwe loipalo linayamba mwana asanafike zaka 10, ndiponso ngati kusakhazikikako kunaoneka asanafike zaka 12.

Manambala ake ndi otere. Pa ana 100 aliwonse padziko lapansi, pafupifupi 5 ali ndi ADHD, ndipo anyamata amachuluka kawiri kuposa atsikana. Mwa ana amene ali ndi mbali zonse ziwiri za vutoli, kupulukira ndi kujijirika, pafupifupi theka amakhalanso ndi makani aja a ODD, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi amafika pa conduct disorder. Atatu mwa anayi safikapo. ADHD imayenda kwambiri m'magazi. Kafukufuku wa mapasa amasonyeza zimenezo mobwerezabwereza, ndipo si zachilendo kupeza kuti bambo amene akukwapula mwana chifukwa cha phuma nawonso anali otero. Koma mlatho wochoka pa phuma kupita pa mwano umamangidwa ndi zochitika za tsiku ndi tsiku. Gerald Patterson wa ku Oregon anaufotokoza bwino mu 1982 ataonerera mabanja m'nyumba zawo. Kholo lilamula, mwana sanamve kapena waiwala, kholo likalipa, mwana akuwa, kholo litopa n'kusiya. Mwana waphunzira kuti kukuwa kumathetsa nkhani. Kholo laphunzira kuti popanda kukalipa palibe chimene chimachitika. Zikabwerezedwa kambirimbiri pachaka, onse awiri amakhala akatswiri a nkhondo. Kusukulu zimapitirira: mwana atsalira pa kuwerenga, anzake odekha amukana pa masewera chifukwa sadikira nthawi yake, ndipo amene amamulandira ndi okanidwa anzake.

Tsopano tiike zimenezi pa mapu a Kadoma ndi Chegutu. Kwa zaka zambiri matauni awiriwa anali ndi kolowera mnyamata amene sukulu yamukanika. Kunali migodi, kunali mafamu a thonje ndi chimanga, kunali mafakitale a nsalu a David Whitehead amene ankadyetsa mabanja ambirimbiri ku Pfupajena ndi ku Rimuka. Ntchito yamanja yokhala ndi belu, kapitawo ndi malipiro a pamwezi si mankhwala, koma imapatsa munthu wa phuma mpanda womuzungulira, ndipo ambiri a gulu lalikulu lija la Moffitt ankasiya zopusa pa tsiku limene alandira ovolosi. Kuyambira mu 1991, ndondomeko ya ESAP itatsegula malire ku nsalu zakunja ndi kaunjika, mafakitale anayamba kuchepetsa antchito. M'zaka za m'ma 2000 David Whitehead inagwa m'mavuto aakulu. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunachotsa pantchito ndi panyumba antchito ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo anali a kwathu, opanda mudzi wothawirako m'Zimbabwe. Dalny inaima mu 2013.

Pamwamba pa izo panabwera nkhani ya mapepala. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ana ndi zidzukulu za machona ambiri ali alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma kholo lopanda chitupa limavutikabe kutengera mwana wake setifiketi ya kubadwa, ndipo Amnesty International inalemba za vutoli mu 2021. Kwa zaka zambiri mwana wopanda setifiketi ankavutika kulembetsa mayeso a Giredi 7. Mwana wodekha, wokhoza m'kalasi, aphunzitsi ndi achibale amamumenyera nkhondo kuti pepala lipezeke. Uja wotopetsa, wokhala kumbuyo, ndani angakwere basi kupita kwa Registrar chifukwa cha iye? Amatuluka sukulu ali ndi zaka 12 kapena 13, pa msinkhu womwewo umene anzake oyenda nawo amakhala ndi mphamvu pa iye kuposa makolo.

Ndipo kunja kwa sukulu kuli maenje. Chikorokoza, kukumba golide pamanja, ndicho chinalowa m'malo mwa fakitale ku Chakari, Battlefields, Gadzema ndi Pickstone. Ndi ntchito imene imalipira phuma: ndalama zimabwera lero lomwe, wolimba mtima kulowa kumene ena akuopa ndiye amapata, ndipo palibe amene amakufunsa setifiketi. Imalanganso phuma mopanda chisoni. Mu Febuluwale 2019 madzi a mvula anasefukira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields, ndipo anthu oposa 20 anafera pansi. Mu Seputembala 2023 mgodi wa Bay Horse m'boma la Chegutu unagumuka n'kupha ena. Cha kumapeto kwa 2019 magulu a zikwanje otchedwa maShurugwi anali pakamwa pa aliyense. Apa ndiyenera kuchenjeza owerenga amene angafune kumata dzina la matenda pa mnyamata aliyense wa kumaenje. Ambiri mwa iwo ubongo wawo uli bwinobwino. Chawatuma ndi njala ndi fizi ya azing'ono awo. Mabuku a madokotala enieniwo amachenjeza kuti khalidwe limene munthu watengera pofuna kudziteteza pamalo oopsa lisafulumire kutchedwa matenda. Mnyamata woba miyala ya golide kuti agule ufa ndi wosiyana ndi amene ankazunza amphaka ali ndi zaka 6, ngakhale woweruza atawapatsa chilango chofanana.

Palinso mekyule. Kuyambira mu 2002 ntchito ya mabungwe a United Nations yotchedwa Global Mercury Project inasankha dera la Kadoma ndi Chakari ngati malo ake ofufuzira m'Zimbabwe. Dokotala wa ana wa ku Germany, Stephan Bose-O'Reilly, ndi anzake anayeza ana a m'madera a golide kuno ndi ku Indonesia, ndipo mu 2008 anafalitsa zimene anapeza: ana ogwira mekyule ndi manja ndi opuma utsi wake powotcha golide anali nayo yambiri m'thupi, ndipo ena ankaonetsa kale zizindikiro za kuwonongeka kwa mitsempha, monga kulephera kuyendetsa bwino manja ndi miyendo. Madokotala adziwa kwa zaka mazana kuti utsi wa mekyule umabweretsa kunjenjemera, kusowa tulo, kuiwala ndi kupsa mtima msanga. Choncho mnyamata wa ku Chakari wa zaka 15 amene sakhazikika ndipo amakwiya pachabe akhoza kukhala kuti anabadwa ndi phuma, akhoza kukhala kuti wapuma utsi, akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Funso lothandiza ndi lomwe lija la msinkhu: kodi anali wotani asanayambe kupita kuchigayo cha miyala? Amene angayankhe ndi amayi ake, agogo ake ndi mphunzitsi wake wa Giredi 2. Zimbabwe inavomereza pangano la Minamata lochepetsa mekyule mu 2021, koma m'maenje akuwotchabe.

Mankhwala ozunguza bongo afika pamwamba pa zonsezi. Anyamata a ADHD, makamaka amene ali kale ndi conduct disorder, amayamba fodya, mowa ndi chamba msanga kuposa anzawo. M'makomboni a lero muli mutoriro, ndipo mutoriro ndi methamphetamine, m'bale wake wa Benzedrine uja wa Bradley. Wina amaperekedwa ndi dokotala pa muyeso waung'ono woyezedwa. Winayo amasutidwa mopanda muyeso, amalanda tulo kwa masiku, ndipo amatha kupengetsa munthu. Wa dokotalayo ndiye wosowa. Cha m'ma 2020 madokotala a maganizo m'Zimbabwe yense sankafika 20, ambiri ali ku Harare ndi ku Bulawayo, pamene Kadoma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare. Wa mumsewuyo amapezeka kuseri kwa shopu. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2012, wa anthu oposa 25,000 a ADHD, anapeza kuti amuna ankapalamula milandu yochepa ndi 32 peresenti m'miyezi imene ankamwa mankhwala awo poyerekeza ndi miyezi imene sankamwa. Sindikunena kuti piritsi lingalowe m'malo mwa nsima, sukulu ndi bambo wosaledzera. Pa conduct disorder payokha chimene chaonetsa mphamvu ndi kuphunzitsa makolo kuthyola nkhondo ija ya Patterson: malamulo ochepa ndi omveka, kuyamikira msanga chabwino, chilango chaching'ono chobwera nthawi yomweyo m'malo mwa chachikulu chobwera bambo akaweruka. Ndipo zimagwira bwino mwana akadali wamng'ono.

Chikoti cha mu 1926 chinachedwa kufa. Mu 1989 Supreme Court, motsogozedwa ndi Enoch Dumbutshena, inagamula kuti kukwapula mwana monga chilango cha khoti ndi nkhanza yosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo inasintha malamulowo kuti chikoti chibwerere. Panapita zaka pafupifupi 30 kufikira pa 3 Epulo 2019, pamene Constitutional Court inachithetsa, ndipo mu 2020 lamulo la maphunziro linaletsa kumenya ana m'sukulu. Ndamva makolo ambiri a kwathu akudandaula kuti boma lawalanda ndodo osawapatsa china, ndipo dandaulo limenelo sindilipeputsa. Mphunzitsi wa kalasi yodzaza amene wauzidwa kuti asamenye, koma sanauzidwe chochita ndi mnyamata amene wadzuka kachisanu pa phunziro limodzi, amangomutulutsa panja, ndipo panja ndi pamene msewu wa kumaenje umayambira. Lamulo la milandu la mu 2004 linaika zaka 7 ngati msinkhu umene mwana angayambe kuyankha mlandu, ngakhale kuti mpaka zaka 14 limamuganizira kuti sanakhwime nzeru pokhapokha boma litasonyeza umboni. Zaka za pakati pa 7 ndi 14 zimenezo ndi zomwezo zimene phuma limasanduka mwano kapena kulephera kusanduka.

Unduna wa maphunziro uli ndi nthambi ya akatswiri a maganizo a ana a sukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu akhoza kutumiza mwana kumeneko kudzera ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lake. Makolo ambiri a m'makomboni sanauzidwepo zimenezi. Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, inasonyeza kuti agogo aakazi ophunzitsidwa kwa masiku ochepa akhoza kuthandiza akuluakulu ovutika maganizo, ndipo sindiona chifukwa chimene agogo otero sangaphunzitsidwe kukhala pansi ndi mayi wa mwana wa zaka 8. Chida choyambira chilipo kale. Mu 1997 Robert Goodman wa ku London anakonza pepala la mafunso 25 lotchedwa SDQ, loti kholo kapena mphunzitsi ayankhe m'mphindi zochepa. Silipereka dzina la matenda. Limangosonyeza mwana woyenera kuonedwa bwino. Mafunso 5 ndi a kujijirika ndi kupulukira, ena 5 ndi a ukali, bodza ndi kuba, ndipo mbali ziwirizi zimawerengedwa padera. Pepalali linamasuliridwa m'Chichewa, chinenero chimene chili poyamba pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013.